John Gould (1804–1881): Munthu Amene Adatchuka ndi Mbalame Zakufa

Mawu Oyamba

M'misika yogulitsa zinthu zakale ku Britain mumapezeka mabokosi a galasi omwe m'kati mwake muli mbalame zitatera pa tinthambi, zina zitatambasula mapiko, zina zitakweza mitu ngati zikufuna kuimba. Zambiri mwa mbalamezi zidafa zaka zoposa 120 zapitazo, mu ulamuliro wa Mfumukazi Victoria, womwe udayamba m'chaka cha 1837 ndi kutha m'chaka cha 1901. Pa nthawiyo banja lopeza bwino linkaika bokosi lotere m'chipinda chochezera alendo monga chokongoletsa. Luso lokonza mbalame motere limatchedwa taxidermy, dzina lochokera ku mawu awiri a Chigiriki otanthauza kukonza kapena kuyala, ndi chikopa.

Nkhani ino ikufotokoza moyo wa John Gould, mmodzi mwa anthu amene adakweza lusoli kuti lifike pamaso pa mafumu ndi akatswiri a sayansi. Tiona kumene adachokera, ntchito imene adagwira, anthu amene adamuthandiza, ndiponso mafunso amene moyo wake udatisiyira okhudza mwini weniweni wa ntchito ya luso ndi mtengo umene mbalame zidalipira kuti anthu azisirire.

Kubadwa ndi Kukula Kwake

John Gould adabadwa pa 14 Seputembala 1804 ku Lyme Regis, tauni ya m'mphepete mwa nyanja m'chigawo cha Dorset, kumwera kwa England. Bambo ake ankagwira ntchito yosamalira minda ya maluwa ya anthu olemera. Banjali lidasamukira kufupi ndi Guildford, ndipo m'chaka cha 1818 bambowo adapeza ntchito ya ukapitawo m'minda ya mfumu ku Windsor. Mnyamatayu sadapite patali ndi sukulu. Ali ndi zaka 14 adayamba kuphunzira ntchito ya bambo ake ku Windsor komweko, ndipo pambuyo pake adakagwirako ntchito m'minda ya Ripley Castle ku Yorkshire.

Ntchito ya m'minda idamupatsa mpata woona mbalame tsiku ndi tsiku. Adadziwa zisa zake, mazira ake ndi nyengo zimene mtundu uliwonse umabwera ndi kuchoka. Adaphunziranso kusenda mbalame ndi kuziimika, ndipo ankagulitsa zina kwa ana a sukulu ya Eton, yomwe ili tsidya lina la mtsinje wa Thames kuchokera ku Windsor. Chapakati pa zaka za m'ma 1820 adasiya khasu n'kupita ku London kukatsegula bizinezi yake ya taxidermy.

M'chaka cha 1826 mudakhazikitsidwa bungwe la Zoological Society of London, ndipo pasanapite nthawi yaitali Gould adalembedwa ntchito yosamalira ndi kukonza nyama za m'nyumba yake yosungiramo zinthu. Mbiri yake idakula m'chaka cha 1829 pamene kadyansonga wa Mfumu George IV adafa. Nyamayi idali mphatso yochokera kwa Muhammad Ali, wolamulira dziko la Egypt, ndipo idafika ku England m'chaka cha 1827. Gould adali mmodzi mwa anthu amene adapatsidwa ntchito yoimika chikopa chake.

Mmene Ntchitoyi Inkagwiridwira

Kuti timvetse moyo wa Gould, m'pofunika kudziwa zimene manja ake ankachita. Wokonza mbalame ankacheka pang'ono pamimba kapena kunsi kwa phiko, n'kusenda chikopa chonse nthenga zili pomwepo. Ankasiya mlomo, chigaza ndi mafupa a miyendo ndi a mapiko, koma nyama ndi mafuta onse ankazichotsa chifukwa ndizo zimaola. Kenaka ankaumba thupi lina ndi thonje, udzu wouma kapena ulusi wa maguduli, n'kulowetsa mawaya m'miyendo, m'khosi ndi m'mapiko kuti mbalameyo iime mmene iye akufunira. Pomaliza ankasoka chikopa, kuika maso a galasi, ndi kupesa nthenga imodziimodzi.

Mdani wamkulu wa ntchitoyi adali tizilombo todya nthenga ndi zikopa. Mbalame zambiri zimene zidakonzedwa zaka za m'ma 1600 ndi kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1700 zidatha ndi njenjete. Zinthu zidasintha chifukwa cha sopo wosakaniza ndi poizoni wa arsenic, yemwe adapangidwa ndi Jean-Baptiste Bécoeur, wogulitsa mankhwala wa mumzinda wa Metz ku France. Kapangidwe ka sopoyu kadafalitsidwa kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1800. Chikopa chopakidwa sopoyu chinkatha kukhala zaka zambiri osadyedwa, ndipo n'chifukwa chake mbalame za m'nthawi ya Gould zikadalipo mpaka lero.

Padali mitundu iwiri ya ntchito. Mbalame zoonetsa anthu ankaziimika ngati zamoyo. Mbalame za kafukufuku ankangoziika thonje, kuzigoneka chagada m'madirowa, ndi kumangirira kapepala kumwendo kosonyeza malo ndi tsiku zimene zidaphedwa. Gould ankadziwa zonse ziwiri, ndipo pogwira zikopa zochuluka chotere adazolowera kuona msanga kusiyana kwa milomo, mapiko ndi mawanga a nthenga. Diso limeneli ndilo lidamusandutsa katswiri wa mbalame ngakhale adalibe digiri.

Ukwati Wake ndi Mabuku Oyamba

Mu Januwale 1829 Gould adakwatira Elizabeth Coxen, amene adabadwa m'chaka cha 1804 ku Ramsgate. Elizabeth ankagwira ntchito yophunzitsa ana pakhomo pa banja lina ku London, ndipo ankadziwa kujambula. M'chaka cha 1830 Gould adalandira zikopa za mbalame zochokera ku mapiri a Himalaya, zambiri mwa izo zosadziwika ku Ulaya. Adaganiza zotulutsa buku la zithunzi zake. Popeza iye mwini sankatha kumaliza chithunzi choyenera kusindikizidwa, adapempha mkazi wake kuti aphunzire njira yosindikizira yotchedwa lithography.

M'njira imeneyi wojambula amalemba chithunzi pamwala wosalala ndi choko cha mafuta. Mwalawo amaunyowetsa, ndipo poti mafuta ndi madzi sizigwirizana, inki imamatira pokhapo pamene padutsa choko. Pepala likatsindikizidwa pamwalapo limatenga chithunzicho, kenaka anthu ena amachipaka utoto ndi manja, tsamba lililonse palokha. Buku loyambali, A Century of Birds from the Himalaya Mountains, lidayamba kutuluka m'chaka cha 1830 ndipo lidali ndi masamba 80 a zithunzi, ojambulidwa pamwala ndi Elizabeth. Mawu ofotokoza mbalamezo adalemba ndi Nicholas Vigors, mlembi wa Zoological Society, amene adapatsa kambalame kamodzi, komwe lero kamatchedwa Aethopyga gouldiae, dzina lolemekeza mayiyu.

Gould adadzisindikizira yekha bukuli, ndipo njira imene adatsata adakhala nayo moyo wake wonse. Ankayamba wapeza anthu olemera olonjeza kugula, kenaka n'kumatulutsa buku m'zigawo, chigawo chilichonse ndi mtengo wake. Ndalama za chigawo chimodzi zinkalipirira chotsatira. Masamba adali aakulu, opitirira theka la mita m'litali, kuti mbalame zambiri zizijambulidwa pa msinkhu wake weniweni. Pakati pa 1832 ndi 1837 adatulutsa The Birds of Europe m'mavoliyumu 5 okhala ndi zithunzi zoposa 440. Pa ntchitoyi Elizabeth adathandizana ndi mnyamata wina waluso, Edward Lear, yemwe ophunzira zolembalemba amamudziwa chifukwa cha ndakatulo zake zoseketsa za m'buku la A Book of Nonsense la m'chaka cha 1846.

Gould ndi Charles Darwin

Pa 4 Januwale 1837 Charles Darwin adapereka ku Zoological Society nyama ndi mbalame zimene adatolera pa ulendo wake wa zaka zisanu pa sitima ya Beagle. Mbalamezo zidapita m'manja mwa Gould. Pakati pake padali timbalame ta ku zilumba za Galápagos, tomwe Darwin ankayesa kuti ndi ta magulu osiyanasiyana chifukwa milomo yake idali yosiyana kwambiri, ina yonenepa yoswera njere zolimba, ina yopyapyala. Patangopita masiku 6, pa 10 Januwale, Gould adauza msonkhano wa bungweli kuti timbalameto tidali ta gulu limodzi latsopano lofanana ndi mpheta, ndipo adawerenga mitundu 12. Pofika mu Malichi adaonjezapo kena kamene Darwin adakaika m'gulu lina, mitunduyo n'kukwana 13.

Gould adauzanso Darwin kuti mbalame zotchedwa mockingbird zochokera ku zilumba zosiyana zidali mitundu yoima payokha, ndiponso kuti mbalame yaing'ono yonga nthiwatiwa ya ku Patagonia idali yosiyana ndi inzake yaikulu ya kumpoto. Darwin adazindikira kuti sadalembe chilumba chimene kambalame kalikonse kadachokera, choncho adachita kufunsa kwa anzake a pa sitima, kuphatikizapo Kaputeni Robert FitzRoy ndi wantchito wake Syms Covington, amene adasunga bwino mbiri ya zikopa zawo. Mu Julayi chaka chomwecho Darwin adatsegula kope lake loyamba la maganizo akuti mitundu ya zamoyo imasintha.

Apa tikuona kuti munthu amene adaphunzira mbalame ndi mpeni ndi singano adaona chimene wophunzira wa ku Cambridge sadachione. Komabe Gould sadalowerere pa mkangano umene udabuka buku la On the Origin of Species litatuluka m'chaka cha 1859. Ntchito yake idakhalabe yotchula mayina ndi kufotokoza maonekedwe. Zithunzi 50 za mbalame za m'buku lofotokoza nyama za pa ulendo wa Beagle adajambula ndi Elizabeth.

Ulendo wa ku Australia

Alongo awiri a Elizabeth, Charles ndi Stephen Coxen, adasamukira ku New South Wales ndipo ankatumiza zikopa za mbalame za kumeneko. Gould adaona kuti kudali dziko lathunthu lomwe mbalame zake zidali zisanalembedwe mokwanira. Mu Meyi 1838 iye ndi mkazi wake adakwera sitima ya Parsee pamodzi ndi mwana wawo wamkulu, Henry, ndi John Gilbert, mnyamata wodziwa kutolera ndi kusenda mbalame. Ana atatu aang'ono adatsala ku England ndi agogo awo. Adafika ku Hobart, pa chilumba cha Tasmania, mu Seputembala, ndipo adalandiridwa ndi Bwanamkubwa John Franklin ndi mkazi wake Jane. Mwana amene Elizabeth adaberekera kumeneko m'chaka cha 1839 adamutcha Franklin.

Gould adayenda kwambiri. Adafika ku South Australia kumene adatsagana ndi Charles Sturt kulowera ku nkhalango za kufupi ndi mtsinje wa Murray, ndipo adakhalanso nthawi ku famu ya mlamu wake m'chigwa cha Hunter. Gilbert adatumizidwa kumadzulo kwa dzikolo. M'maulendo amenewa eni dziko, anthu a mtundu wa Aborigine, ndiwo ankalondolera njira, kusonyeza zisa ndi kufotokoza makhalidwe a mbalame. Gould adalemba mayina ambiri a mbalame m'zinenero zawo, ndipo zimenezi n'zothandiza kwa ofufuza zinenero chifukwa zina mwa zinenerozo zidatsala ndi olankhula ochepa. Dzina la Chingerezi la kachinkhwe kotchedwa budgerigar lidachokera ku chinenero cha kumeneko, ndipo Gould ndiye adabweretsa timbalameti tamoyo ku England m'chaka cha 1840. Pa nthawi yonseyi Elizabeth ankajambula mbalame ndi zomera zimene mbalamezo zimaterapo.

Banjali lidabwerera ku England mu Ogasiti 1840, ndipo The Birds of Australia idayamba kutuluka kumapeto kwa chaka chomwecho. Idatha m'chaka cha 1848 ili ndi mavoliyumu 7 ndi zithunzi 600, ndipo mitundu yoposa 300 ya mbalame zimene zili m'menemo adaipatsa mayina a sayansi ndi Gould. Elizabeth sadaone mapeto a ntchitoyi. Adamwalira pa 15 Ogasiti 1841, patangopita masiku ochepa atabereka mwana wachisanu ndi chitatu, ali ndi zaka 37. Adali atamaliza zithunzi 84 za bukuli. Zotsalazo adamaliza ndi Henry Constantine Richter, amene adagwiritsa ntchito zojambula zambiri zimene mayiyu adasiya. M'chaka cha 1844 Gould adatcha kambalame kokongola ka kumpoto kwa Australia dzina lokumbukira mkazi wake, ndipo mpaka lero kamadziwika kuti Gouldian finch.

Imfa ina idatsatira. Gilbert adabwereranso ku Australia, ndipo adalowa m'gulu la Ludwig Leichhardt lomwe linkadutsa kumpoto kwa dzikolo. Pa 28 Juni 1845 adalasidwa ndi mkondo usiku pamene eni dera adathira nkhondo msasa wawo kufupi ndi Gulf of Carpentaria, ndipo adafera pomwepo. Mbalame za ku Australia zimene Gould adasonkhanitsa adafuna kuzigulitsa ku British Museum pa mtengo wa £1,000, koma akuluakulu a kumeneko adakana. Zidagulidwa ndi Thomas Wilson ndipo zidapita ku Academy of Natural Sciences mumzinda wa Philadelphia ku America.

Chionetsero cha M'chaka cha 1851

Mbalame zimene Gould adazikonda koposa ndi zotchedwa hummingbird. Timbalameti timapezeka ku America kokha, kumpoto ndi kumwera. Timamwa timadzi ta m'maluwa monga amachitira choso, koma si ta banja limodzi ndi choso, ndipo timatha kuima malo amodzi m'malere mapiko akugunda mothamanga. Nthenga za pakhosi pake zimasintha mtundu malinga ndi mmene kuwala kwaziwombera.

M'chaka cha 1851 ku London kudachitika chionetsero chachikulu cha zopangapanga za maiko onse m'nyumba ya galasi ya Crystal Palace. Akatswiri ena a taxidermy, monga John Hancock wa ku Newcastle, adaonetsa ntchito zawo m'menemo. Gould adasankha njira ina. Adamanga kanyumba kake m'munda wa nyama wa Zoological Society ku Regent's Park, kumene akadatha kulipiritsa oonera. M'kanyumbamo adaikamo mabokosi 24 a galasi okhala ndi timbalame pafupifupi 1,500 ta mitundu yoposa 300, titaimikidwa pakati pa masamba ndi maluwa. Mabokosiwo adawakonza kuti munthu azitha kuona timbalameto mbali zonse, kuwala kukusewera pa nthenga. Anthu oposa 75,000 adalowa, aliyense atalipira sikisipensi, lomwe ndi theka la sheleni, ndipo Gould adapeza phindu la pafupifupi £800. Mfumukazi Victoria adakaona chionetserochi mu Juni chaka chomwecho.

Chionetserochi chidali njira yoitanira ogula buku lake la timbalameti, A Monograph of the Trochilidae, lomwe lidatuluka pakati pa 1849 ndi 1861 ndi zithunzi 360. Kuti nthenga ziwale papepala, opaka utoto ankayala golide wopyapyala kwambiri n'kupaka utoto woonekera m'kati pamwamba pake. Chodabwitsa n'chakuti pa nthawi yonseyi Gould adali asanaonepo kambalame kotere kamoyo. Adakaona koyamba mu Meyi 1857 m'munda wa Bartram ku Philadelphia. Adayesa kubwera nato tamoyo ku England, koma sitidakhalitse.

Pa zaka zimenezi mabokosi a mbalame adafala m'nyumba za anthu wamba opeza bwino. Boma lidachotsa msonkho wa galasi m'chaka cha 1845, choncho galasi lidatsika mtengo. Sitima zinkabweretsa zikopa kuchokera ku maiko onse amene Britain inkachita nawo malonda kapena kuwalamulira. M'matauni ambiri mudali munthu wokonza mbalame, ndipo kukhala ndi galasi lovundikira timbalame towala patebulo chidali chizindikiro cha ulemu ndi maphunziro.

Zaka Zomaliza

Gould adasankhidwa kukhala membala wa Royal Society m'chaka cha 1843. Adapitiriza kutulutsa mabuku akuluakulu: The Mammals of Australia pakati pa 1845 ndi 1863, The Birds of Asia kuyambira 1850, The Birds of Great Britain pakati pa 1862 ndi 1873, ndi The Birds of New Guinea kuyambira 1875. Ojambula ake adali Richter, Joseph Wolf wochokera ku Germany, ndi William Hart. Sadakwatirenso. Ana ake aamuna awiri, Henry ndi Franklin, omwe onse adaphunzira udokotala, adamwalira iye akadali moyo, woyamba m'chaka cha 1855 ndipo wachiwiri m'chaka cha 1873.

Atakalamba adadwala nthawi yaitali, koma ankagwirabe ntchito atagona pa mpando, zikopa za mbalame zili pambali pake. Wojambula John Everett Millais adakamuchezera, ndipo zimene adaona zidamupatsa ganizo la chithunzi chake cha m'chaka cha 1885 chotchedwa The Ruling Passion, chomwe chimasonyeza nkhalamba yodwala ikuonetsa ana mbalame. Gould adamwalira ku London pa 3 Febuluwale 1881 ali ndi zaka 76, ndipo adaikidwa m'manda a Kensal Green. Mabuku amene adasiya osatha adamalizidwa ndi Richard Bowdler Sharpe wa ku British Museum. Onse pamodzi ndi mavoliyumu oposa 40 okhala ndi zithunzi pafupifupi 3,000. Ulendo uno British Museum idagula mbalame zake pa mtengo wa £3,000, ndipo mwa izo zoposa 5,000 zidali ma hummingbird.

Kodi Ntchitoyi Idali ya Yani?

Kwa zaka zambiri anthu ankaganiza kuti Gould ndiye adajambula zithunzi za m'mabuku ake, popeza dzina lake ndilo lili pachikuto. Zoona zake n'zakuti iye ankalemba mizere yosonyeza kaimidwe ka mbalame ndi kakonzedwe ka tsamba, n'kumayang'anira ndi kukonza ntchito ya ena. Chithunzi chomalizidwa chinkachokera m'manja mwa Elizabeth, Lear, Richter, Wolf kapena Hart. Kunsi kwa zithunzi za Elizabeth kunkalembedwa mayina a onse awiri, la mwamuna patsogolo. Zithunzi zina za Lear zidatuluka ndi dzina la banja la Gould ngakhale siginecha ya Lear ikuoneka pa chithunzicho. Gould atamwalira, Lear adalemba kuti adali munthu wouma mtima amene kutchuka kwake kudadalira mkazi wake ndi ojambula ake.

Elizabeth adajambula zithunzi zoposa 600 pa zaka pafupifupi 11 za ntchito yake, akuberekanso ndi kulera ana. Mbiri yake idayamba kumveka bwino m'chaka cha 1938 pamene mtolankhani wa ku Australia, Alec Chisholm, adapeza makalata ake kwa adzukulu a banjali ku England, ndipo m'chaka cha 1944 adatulutsa buku lofotokoza moyo wake.

Ngakhale zili choncho, sitinganene kuti Gould adangokolola pamene sadalime. Iye ndiye ankazindikira mtundu watsopano, kulemba mafotokozedwe, kupeza ogula, kulipira osindikiza ndi kusenza ngongole ntchito ikalephera. Lear mwiniwake adayesa kudzitulutsira buku la zinkhwe pakati pa 1830 ndi 1832, koma adalekera panjira chifukwa cha ndalama, ndipo Gould ndiye adagula makope otsala. Mutu umodzi susenza denga, ndipo mabukuwa sakadatheka popanda mbali zonse ziwiri. Cholakwa cha Gould chidali kulola kuti dzina lake liphimbe mayina a anzake. Wophunzira zolembalemba ayenera kukumbukira zimenezi akamawerenga dzina la pachikuto cha buku lililonse, makamaka mabuku a m'nthawi ya atsamunda, momwe nzeru za eni dziko zidalowa popanda mayina awo.

Mtengo Umene Mbalame Zidalipira

Mbalame iliyonse ya m'bokosi idachita kuphedwa. Zimene akatswiri ankapha zidali zochepa poyerekeza ndi zimene zidaphedwa chidwi chitafalikira kwa anthu onse. Kumapeto kwa zaka za m'ma 1800 London idali msika waukulu wa nthenga, ndipo amayi ankavala zipewa zokongoletsedwa ndi mapiko, mitu, ngakhale mbalame zathunthu. Ma hummingbird ankagulitsidwa m'mitokoma. Sitingamusenzetse Gould mlandu wonse wa malondawa, koma chionetsero chake ndi mabuku ake zidathandiza kudzutsa chilakolako cha timbalameti.

Anthu ena adayamba kutsutsa. M'chaka cha 1869 nyumba ya malamulo idakhazikitsa lamulo loteteza mbalame za m'nyanja pa nyengo yoswa. M'chaka cha 1889 Emily Williamson adayambitsa ku Manchester bungwe la amayi okana kuvala nthenga, lomwe m'chaka cha 1904 lidakhala Royal Society for the Protection of Birds. Lamulo loletsa kuitanitsa nthenga kuchokera kunja lidadutsa m'chaka cha 1921. Ku Australia, bungwe lophunzitsa ana a sukulu kuteteza mbalame, lomwe lidayamba m'chaka cha 1909, lidatchedwa Gould League, dzina la munthu amene adapha mbalame zosawerengeka.

Gould mwiniwake adaona kumene zinthu zinkalowera. M'buku lake la nyama za ku Australia adachenjeza kuti nyama yonga galu ya ku Tasmania, thylacine, idzatha anthu akachuluka pa chilumbacho, ndipo yomaliza yodziwika idafa ku Hobart m'chaka cha 1936. Kachinkhwe kotchedwa paradise parrot, komwe Gilbert adakapeza ndipo Gould adakalemba m'chaka cha 1845, kadaoneka komaliza motsimikizika m'chaka cha 1927. Lero kamadziwika kudzera m'zikopa, zojambula ndi zithunzi zochepa za kamera.

Mabokosi a Mbalame Masiku Ano

Ulamuliro wa Victoria utatha, ndipo makamaka nkhondo yoyamba ya dziko lonse itapita, mabokosiwa adayamba kuoneka achikale. Ambiri adatayidwa kapena kuotchedwa. Otsalawo adayambanso kufunidwa, ndipo tsopano amagulitsidwa monga zinthu zakale za mtengo. Ogula amayang'ana kapepala ka dzina la wokonza, monga Rowland Ward wa ku London kapena Peter Spicer wa ku Leamington Spa. Amaonanso ngati bokosi ndi lomwelo loyamba, ngati nthenga sizidafwifwe ndi dzuwa, ndiponso ngati tizilombo sitidalowemo. Bokosi losatsegulidwa limakhala labwino pa chifukwa chinanso: arsenic wa m'zikopa sathera mphamvu, choncho kugwira mbalamezi ndi manja osavala n'koopsa.

Malonda amenewa ali ndi malamulo. Pangano la maiko la CITES la m'chaka cha 1973 limayang'anira kugulitsa nyama ndi zomera zimene zili pangozi, ndipo ma hummingbird onse ali pa mndandanda wake. Ku Britain chinthu chokonzedwa chisanafike chaka cha 1947 chimaloledwa kugulitsidwa mosavuta, koma wogulitsa ayenera kutha kusonyeza kuti ndi chakaledi. Kukwera mtengo kwa nthenga zakale kwabweretsanso umbava. M'chaka cha 2009 zikopa 299 zidabedwa ku nthambi ya Natural History Museum ya ku Tring, ndipo zambiri zidathotholedwa nthenga kapena kuchotsedwa timapepala take. Chikopa chopanda kapepala chimataya phindu lake pa sayansi, chifukwa palibenso angadziwe kumene chidachokera ndi liti. Zikopa zokhala ndi mbiri yake zimathandiza ofufuza kuyeza DNA, kuona kumene mtundu wina unkapezeka kale, ndi kutsimikiza mayina a mitundu.

Mawu Otsiriza

Nkhani ino yasonyeza kuti John Gould adachoka m'munda wa maluwa n'kufika pokhala mmodzi mwa akatswiri odziwika a mbalame m'zaka za m'ma 1800, ndipo chimene chidamutsegulira njira chidali luso la manja losenda ndi kuimika mbalame. Diso lake lidathandiza Darwin, mabuku ake adalemba mbalame za makontinenti angapo, ndipo chionetsero chake cha 1851 chidalimbikitsa mwambo wosunga mbalame m'magalasi. Yasonyezanso kuti ntchitoyi idatsamira pa Elizabeth Gould, Edward Lear, John Gilbert, ojambula ena ndi eni dziko la Australia, amene ambiri mwa iwo sadalandire ulemu wowayenera pa nthawi yake. Ena mwa mabokosi ake a ma hummingbird akusungidwabe ku Natural History Museum. Woyang'ana m'mabokosiwo ayenera kufunsa amene adapha mbalamezo, amene adazikonza, amene adazijambula, ndiponso ngati mitundu yake ikuulukabe kumene zidatengedwa.